Kukaona ndi kujambula agulugufe osowa ku Mulanje: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akamva za Mulanje amaganiza zokwera Sapitwa kapena zokasamba pa Dziwe la Nkhalamba. Mafunso ali m'munsiwa ndi a anthu ena, amene akufuna kuthera tsiku limodzi m'mphepete mwa phirili akusaka agulugufe ndi maso ndi kamera basi.

Agulugufe ali paliponse, ngakhale kudimba. N'kupitiranji ku Mulanje?

Akudimbawo ndi omwewo amene mungawaone ku Lusaka, ku Tete kapena ku Harare. Uja wakuda wamawanga achikasu amene amazungulira mtengo wa mandimu pakhomo ndi Papilio demodocus, ndipo ali pafupifupi mu Africa monse. Mulanje ndi nkhani ina. Phirili linaima lokha pakati pa chigwa, nsonga yake kufika mamita 3,002, ndipo nkhalango zake zowirira zinalekana kalekale ndi nkhalango za mapiri ena. Tizilombo tokhala m'nkhalango zimenezi sitiwoloka chigwa chotentha kupita kwina, choncho pakutha kwa zaka zochuluka tina tinasintha n'kukhala mitundu yakeyake. Ndi momwemonso zinakhalira ndi mkungudza wa Mulanje, umene sumera wokha kwina kulikonse.

Nkhalango ya phirili inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1927. UNESCO inaliika m'gulu la malo osungirako zachilengedwe mu 2000, ndipo mu 2025 inalilemba pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Akatswiri masiku ano amaliwerengera pamodzi ndi mapiri a tsidya la Mozambique monga Namuli ndi Mabu, chifukwa zamoyo zake n'zachibale.

Osowawo ndi ati? Ndiwaonadi?

Awiri amene anthu odziwa amawatchula kwambiri ndi Cymothoe melanjae ndi Charaxes martini. Onsewa kwawo ndi ku Mulanje, ndipo amakhala m'nkhalango yobiriwira chaka chonse, osati m'tchire la miombo kapena m'minda ya paini. Alibe mayina a Chichewa osiyanitsa, n'chifukwa chake tikugwiritsa ntchito a sayansi.

Kunena mosapsatira, mwayi woti muwaone pa ulendo woyamba wa tsiku limodzi ndi wochepa. A Cymothoe amakonda kukhala pamwamba pa mitengo, kumangotsetsereka mumphepo osakupiza mapiko kawirikawiri, ndipo amatsika akafuna okha. Charaxes martini ali m'gulu la a Charaxes akudera amene amphongo ake amafanana zedi, moti ngakhale mutamujambula mungafunike katswiri kuti atsimikize kuti ndi yemweyo. Munthu amene wakulonjezani kuti akuonetsani onse awiri dzuwa lisanalowe, mumufunse kawiri.

Koma simubwerako chimanjamanja. Papilio ophidicephalus, chigulugufe chakuda ndi chikasu chamichira, chimene mapiko ake akatambasuka amatha kupitirira masentimita 10, chimatsatira mitsinje ya m'nkhalango. Papilio nireus ndi wakuda bii wokhala ndi mzere wobiriwira monyezimira. Euphaedra neophron amauluka pansipansi m'tinjira ta mumthunzi, kufunafuna zipatso zakugwa. Aliponso Papilio dardanus amene amasokoneza anthu atsopano: wamphongo ndi woyera mwachikasu ndipo ali ndi michira, pomwe wamkazi alibe michira ndipo amatengera maonekedwe a agulugufe ena owawa amene mbalame zimawapewa. Mungalumbire kuti ndi mitundu iwiri.

Miyezi yabwino ndi iti?

Kumapeto kwa mvula, kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Meyi. Nthawi imeneyi mbozi zadya masamba anthete dzinja lonse, agulugufe atsopano akutuluka mapiko ali bwinobwino osang'ambika, ndipo mvula yayamba kupereka mpata. Novembala ndi Disembala, mvula yoyamba itagwa, ndi nthawi inanso yabwino, makamaka poti masuku amakhala akupsa n'kumagwa okha. Januwale ndi Febuluwale agulugufe alipo ndithu, koma mitsinje imakhala yodzaza ndipo miyala imaterera.

Juni ndi Julayi musadzivutitse, pokhapokha ngati muli pafupi. Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, nkhungu ndi mvula yamawawa zimatha kukhala masiku angapo, ndipo gulugufe sauluka thupi lake lisanatenthe. Amangobisala kunsi kwa tsamba phee. Okutobala amaunjikana pamadzi ochepa otsala, zimene zimathandiza wojambula, kungoti kutentha kwake ndi utsi wa moto wolusa zimachotsa chisangalalo.

Ndinyamuke m'mamawa ngati oonera mbalame?

Ayi. Mbandakucha mukangopeza mame. Agulugufe amayamba kuothera dzuwa cha m'ma 8 kapena 9 koloko, ndipo ola limeneli ndi lagolide kwa wojambula chifukwa amatambasula mapiko n'kukhala osasuntha. Kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2 masana ndiye pachimake, koma apo amakhala atatentha, othamanga, osafuna kuyandikiridwa. Ikamakwana 3 koloko ayamba kuchepa. Kumbali ya Likhubula kumbukirani kuti phiri lili kum'mawa kwanu, ndiye m'zigwa zina dzuwa limafika mochedwa.

Ndiyambire pati?

Kwa ulendo wa tsiku limodzi, Likhubula ndiye posavuta. Kuchokera ku Blantyre mutha kudzera ku Thyolo kapena msewu wa Midima, ndipo mukafika pa Chitakale mukhotere msewu wa ku Phalombe. Likhubula ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pamenepo. Pali ofesi ya zankhalango pomwe mumalipira polowera ndi kupeza wokuperekezani. Njira yopita ku Dziwe la Nkhalamba anthu amaiyenda ola limodzi kapena kuposerako pang'ono. Inu muiyende maola atatu.

Amene mtima wawo uli pa osowa aja aganizire za mbali ya kum'mwera, kuchigwa cha Ruo kumtunda kwa minda ya tiyi ya Lujeri. Kumeneko kumagwa mvula yambiri ndipo nkhalango yake ndi yowirira kuposa ya ku Likhubula. Njira yake imadutsa m'esiteti, choncho konzeranitu ndi wokuperekezani za kadutsidwe kake tsikulo lisanafike.

Woperekeza ndi wofunikadi, pomwe sindikukwera phiri?

Mutengeni. Amadziwa pomwe pali mkuyu umene ukugwetsa nkhuyu sabata imeneyo, pomwe madzi amachucha pathanthwe, ndi njira zimene zinakokoloka. Koma mumufotokozere bwino musananyamuke. Anyamata a ku Mulanje anazolowera alendo ofuna kufika kumtunda msanga, ndipo ena mwa iwo ndi amene amathamanga mpikisano wa onyamula katundu wa chaka ndi chaka uja. Mukapanda kunena, mudzangoona msana wake ukulowa pakona. Muuzeni kuti, “Achimwene, lero sitikupita patali. Tikapeza matope padzuwa tikhala pomwepo.” Gwirizanani mtengo wa tsiku lonse, osati wa mtunda, kuti asaone ngati mukumutayitsa nthawi.

Kodi kukwera pamwamba sikungandionetse ambiri?

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Pamwamba, kumadambo a Chambe kapena Lichenya, kuli mitundu yake ya m'maudzu, koma kukafika kumeneko kumadya maola onse amene agulugufe amauluka. Munthu wokwera chitunda maso ake amakhala pa mapazi, mpweya uli wefuwefu, manja akunjenjemera. Sangajambule kanthu. Tsiku la agulugufe limakoma mukasankha malo awiri kapena atatu n'kukhalapo nthawi yaitali. Mphindi khumi zoyamba pamaoneka ngati palibe chilichonse, chifukwa mwawabalalitsa pofika. Mukakhala chete amabwerera.

Malo oterowo ndiwadziwa bwanji?

Choyamba ndi mchenga wonyowa m'mbali mwa mtsinje, pamene dzuwa likuwomba. Agulugufe amene amaunjikana pamenepo ambiri ndi amphongo, ndipo sikuti ali ndi ludzu chabe. Akufuna mchere, umene sapeza wokwanira m'timadzi ta m'maluwa, ndipo wina amaupereka kwa wamkazi pokwerana. Mukawayang'anitsitsa pafupi mudzaona a Papilio akumwa kwinaku mapiko akunjenjemera osaleka, ndipo nthawi ndi nthawi kadontho ka madzi kakutuluka kumbuyo. Akusefa: mchere utsale, madzi apite. N'chifukwa chake pamene ng'ombe kapena munthu anakodza pamadzaza kuposa pamadzi oyera, ndipo wina akhoza kutera pa mkono wanu kudzanyambita thukuta.

Chachiwiri ndi mpata m'nkhalango, pamene mtengo unagwa ndipo dzuwa likulowa. Amphongo a Charaxes amasankha tsamba limodzi pamalo otere n'kulisandutsa bwalo lawo. Aliyense wodutsa, kaya ndi gulugufe mnzake kaya ndi tombolombo, amamuthamangitsa, kenako n'kubwerera pa tsamba lomwelo. Mukaona wauluka musamutsatire. Lozetsani kamera pa tsambalo, dikirani.

Chachitatu n'chonyansa pang'ono: zipatso zowola, utomoni wotuluka pa mtengo wobooledwa ndi tizilombo, ndi ndowe, makamaka za nyama zodya zinzake ndi za anyani. Agulugufe okongola koposa m'nkhalango muno sapita kumaluwa kawirikawiri. Chakudya chawo ndi chimenechi.

Ndamva kuti ena amaika nyambo. Zimatheka bwanji?

Nthochi zakupsa kwambiri, zija zakuda makoko zimene amayi amsika amagulitsa motchipa, muzikanye, muthire shuga pang'ono ndi masese kapena mowa uliwonse, muziike m'chigubu chosatseka kwambiri masiku awiri kapena atatu. Mukatseka zolimba chiphulikira m'chikwama. Pamalopo pakani pang'ono pa thunthu la mtengo kapena pa chitsa, pamsinkhu wa maso anu, pamene pali kuwala koma osati dzuwa lamphamvu. Ikani pamalo atatu kapena anayi m'mawa, muziwayendera.

Charaxes akafika amatera pafupi, n'kuyenda wapansi kukafika pa nthochiyo, n'kutambasula kamlomo kake kopindika kaja. Akakhuta amaledzera ndithu, moti mutha kuyandikira mpaka lenzi kutsala pang'ono kumukhudza. Akakumana awiri amakankhana ndi mapiko ngati madoda pa chipanda cha mowa. M'mphepete mwa mapiko awo akutsogolo muli timano, ndipo kukankhanako kumamveka.

Popeza muli m'nkhalango yotetezedwa, uzani a kuofesi kuti muli ndi nyambo ndipo ndi yojambulira chabe. Mukamaliza kokolani zotsala, chigubu mubwerere nacho.

Ndili ndi foni yokha. Ikwanira?

Pa matope ndi pa nyambo ikwanira bwino. Pa amene ali pamwamba pa mtengo singathandize. Musakokere chithunzi ndi zala mpaka kumapeto, chimangosungunuka. Ngati foni yanu ili ndi lenzi ya 2x kapena 3x gwiritsani ntchito imeneyo, chifukwa imakulolani kuima patali pang'ono. Dinani pa gulugufeyo pa sikirini kuti foni ione iyeyo osati udzu wa kumbuyo, ndipo ngati ndi woyera tsitsani kuwala pang'ono. Njira ina yabwino ndi kujambula vidiyo n'kudzatapamo chithunzi kunyumba. Pukutani lenzi. Zithunzi zambiri zachimbuuzi vuto lake ndi thukuta la m'thumba.

Nanga kamera yaikulu ndiitchere bwanji?

Lenzi ya macro, yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi, ya 90 kapena 100 mm ndiyo imatulutsa mamba a pamapiko, koma ya zoom yofika 300 mm imagwira ambiri chifukwa simuyenera kuyandikira. Mukati musankhe imodzi yoyenda nayo ku Mulanje, tengani ya zoom. Shutter speed, liwiro limene kamera imatsegukira ndi kutseka pojambula, isatsike pansi pa 1/500, ndipo kwa a Papilio onjenjemera aja ikhale 1/1000 kapena kuposa. Aperture, kukula kwa kabowo kolowera kuwala, ya f/8 ndi poyambira pabwino. M'nkhalango muli mdima kuposa momwe maso amakuuzirani, choncho musaope kukweza ISO, imene imathandiza kamera kuona mumdima, kufika 1600. Chithunzi chamchengamchenga chimakonzeka, chogwedezeka sichikonzeka.

Choposa manambala onsewa ndi momwe mwaimira. Phiko ndi lafulati, ndiye kamera ikayang'anizana nalo ndendende, phiko lonse limatuluka bwino. Ikapendekeka, theka limasowa. Izi zikutanthauza kugwada, nthawi zina kugona chafufumimba pamchenga. Valani zoti zikada musadandaule.

Ndikangoyandikira amathawa. Ndikulakwitsa pati?

Mwina ndi chithunzithunzi chanu. Chikangomugwera, gulugufe amayesa mbalame. Onani komwe kuli dzuwa musanasunthe phazi. Maso ake amagwira msanga chinthu choyenda mopingasa kapena modzidzimutsa, koma chobwera molunjika pang'onopang'ono sachiona bwino. Ikani kamera kumaso mukadali patali, osati kuikweza mutafika. Jambulani chimodzi muli patali, sunthani, jambulani china. Akathawa mutsala ndi kanthu. Zovala zikhale zosawala, ndipo amene mwabwera nawo aime kumbuyo osaloza ndi chala.

Ndidziwa bwanji mtundu umene ndajambula?

Yesetsani kupeza mbali zonse ziwiri, pamwamba pa mapiko ndi kunsi kwake, chifukwa mitundu yambiri imasiyana kunsiko. Kenako ikani chithunzicho, pamodzi ndi tsiku ndi malo, pa iNaturalist, pulogalamu ya pa intaneti imene anthu amaikapo zithunzi za zamoyo kuti azindikire mitundu yake. Pulogalamuyo imapereka maganizo ake, koma pa agulugufe a kuno imaphonya kawirikawiri, ndiye dikirani anthu odziwa ayankhe. Zithunzi zochokera ku Malawi n'zochepa kumeneko poyerekeza ndi za ku South Africa, choncho ngakhale cha gulugufe wamba chili ndi ntchito.

Chenjeraninso ndi nyengo, chifukwa mtundu umodzi umatha kuvala mosiyana. Precis octavia wa m'dzinja ndi wofiira mwa lalanje, wa m'chilimwe ndi wakuda mwa buluu. Ka Bicyclus anynana, kabulauni kouluka m'maudzu a mumthunzi, m'dzinja kamakhala ndi timaso tikulutikulu kunsi kwa mapiko, m'chilimwe timasoto timatsala pang'ono kuzimiririka kuti kafanane ndi tsamba louma. Chimene chimasankha ndi kutentha kumene mbozi inakuliramo. Kagulugufe kameneka musakapeputse: mu 1988 akatswiri anatenga akazi ake ku Nkhata Bay kupita nawo ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands, ndipo zidzukulu zake zakhala zikugwiritsidwa ntchito m'malabotale a mayiko ambiri pofufuza momwe mawanga a pamapiko amapangikira.

Kodi awa si omwe amabereka mbozi zotithera chimanga?

Ayi. Ntchemberezandonda zimene zinasautsa alimi kuyambira cha m'ma 2017 zimachokera ku gulu lina, la touluka usiku tija timadzazana pa nyale. Kusiyanitsa kwake yang'anani tinyanga: ta gulugufe weniweni tili ndi kamutu kumapeto, ta ausikuwo n'tosongoka kapena tonga nthenga. Matondo amene anthu amadya nawonso ndi a gulu la usiku. Mbozi za agulugufe a m'nkhalango zimasankha kwambiri chakudya. Zina zimadya masamba a mtengo wamtundu umodzi kapena iwiri yokha, ndipo mtengowo ukatha pamalopo gulugufeyo wathanso, ngakhale maluwa atachuluka bwanji.

Ndingagwire mmodzi kupita naye kunyumba?

Musatero. Kutenga chamoyo chilichonse m'nkhalango yotetezedwa kumafuna chilolezo cha boma, ndipo ofufuza amene mungawaone ndi neti amakhala ndi mapepala awo. Ngakhale kumugwira kuti mumujambule n'kumusiya sikwabwino. Fumbi lotsala pa zala lija ndi mamba a pamapiko, ndipo sameranso. Wina akakutsatsani agulugufe ouma m'bokosi kapena m'maenivelopu, kanani, chifukwa mukagula mawa akagwira ena, ndipo amene amafunidwa pa malonda otere ndi osowa omwewo.

Pali zoopsa zanji?

Madzi ndiye oyamba. Mvula ikagwa pamwamba, mtsinje umadzaza mwadzidzidzi kumunsi kuli dzuwa. Mukaona madzi ayamba kuda kapena mwamva mkokomo kumtunda, chokani pamchenga nthawi yomweyo. Dziwe la Nkhalamba ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira kwambiri, ndipo anthu amirapo. Ndi malonso amene eni dera amawalemekeza, ndiye woperekeza akakuuzani zoyenera kupewa, mverani.

Zina ndi zazing'ono koma zimawononga tsiku. Musanagwade yang'anani pansi ngati pali linthumbu. Mvula ikatha chitedze chimakhwima m'mbali mwa njira, ndipo munthu wotsatira gulugufe maso ali m'mwamba ndi amene amalowamo. Buluku lalitali ndi nsapato zotseka zimathandiza pa nkhupakupa ndi njoka. Ngati mwadzola mankhwala othamangitsa udzudzu, sambani m'manja musanagwire nyambo kapena kamera.

Ndingapite ndi ana?

Inde, ndipo nthawi zambiri amaona zimene akulu aphonya chifukwa maso awo ali pafupi ndi pansi. Vuto ndi kudikira. Apatseni ntchito: wina awerenge mitundu, wina ayang'ane mbozi kunsi kwa masamba osazigwira, chifukwa zaubweya zina zimayabwa. Pamtsinje musawasiye okha.

Ku Mulanje n'kutali kwa ine. Kwina kulipo?

Phiri la Zomba ndi losavuta, galimoto imafika pamwamba, ndipo njira yotsatira mtsinje wa Mulunguzi cha ku Williams Falls ili ndi nkhalango yachilengedwe yotsalira pakati pa paini. Kumeneko kuli Cymothoe zombana, ndipo mungakumanenso ndi Papilio pelodurus. Kuchigawo chapakati kuli nkhalango ya pa phiri la Ntchisi. Kumpoto kuli Nyika, komanso nkhalango za kunyanja cha ku Nkhata Bay ndi Chintheche, zimene zili ndi mitundu yosiyana ndi ya kum'mwera.

Akuti nkhalango ya Mulanje ikutha. Agulugufewo alipobe?

Alipo pamene nkhalango yatsala, ndipo malo amenewo akucheperachepera. Macheka, makala, nkhuni ndi moto wa chaka ndi chaka zadya kwambiri m'munsi mwa phiri, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula malo otsetsereka ambiri n'kusintha mitsinje ina. Poyenda mudzakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni ndi anyamata atanyamula matabwa. Apatseni moni, apatukireni njira, ndipo musawajambule osapempha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust limagwira ntchito ndi a zankhalango ndi midzi yozungulira pa zobzala mitengo ndi kulambula njira zotchinga moto, ndipo lili ndi ofesi ku Mulanje ngati mukufuna kudziwa mbali zimene zikadali bwino musanapite.

Chifukwa cha kusintha kumeneku, malo amene mnzanu anapezako agulugufe ambiri zaka zisanu zapitazo mwina lero ndi zitsa zokhazokha. Funsani woperekeza amene wayendako mwezi womwewo. Ndipo mukajambula mmodzi mwa osowa aja, poika pa iNaturalist sankhani kubisa malo enieni: akatswiri akhoza kukupemphani malowo, koma wosaka ndi neti sangaone mtengo umene munamupeza.